Tchati cha maelementi ndi Dmitri Mendeleev: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya sayansi ku sekondale akuchikumbukira tchati cha timabokosi chija, chokhala ndi zilembo monga H, O, Na ndi Fe, chimene m'mabuku amachitcha Periodic Table. Ambirife tinangochiloweza kuti tikhoze mayeso, osafunsa kumene chinachokera. Komatu kumbuyo kwake kuli anthu amene anatha zaka 80 akufunafuna dongosolo la zinthu zolengedwa, ndiponso mphunzitsi wina wa ku Russia amene analimba mtima kusiya mipata pa tchati chake n'kunena kuti eni ake a malowo akubwera.

Kodi elementi n'chiyani, ndipo panalowa vuto lanji kuti afunike kusanjidwa?

Elementi ndi chinthu chimene simungachigawe ndi njira za kemisitiri kuti mutulutsemo zinthu zina. Madzi si elementi, chifukwa mukawadutsitsa magetsi amagawikana kukhala haidirojeni ndi okosijeni. Mchere wa m'ndiwo nawo ndi sodiyamu ndi chlorine zitagwirana. Koma golide, siliva, mkuwa, mtovu, sulufule, kaboni wa m'makala ndi chitsulo chimene makolo athu ankasungunula m'ng'anjo, zonsezi ndi maelementi, ndipo anthu anazidziwa kalekale asanadziwe n'komwe mawu oti elementi.

Vuto linabwera pamene atsopano anayamba kupezeka motsatizana. Hennig Brand wa ku Hamburg anapeza phosphorus mu 1669 pophika mkodzo. Humphry Davy anatulutsa potaziyamu ndi sodiyamu ndi mphamvu ya magetsi mu 1807. Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anapeza caesium mu 1860 ndi rubidium mu 1861 poyang'ana mitundu ya kuwala kotuluka chinthu chikamapsa pamoto. Pofika 1869 maelementi odziwika anali 63, iliyonse ndi khalidwe lakelake. Wophunzira ankayenera kuloweza zonse payokhapayokha, ngati munthu wofika pamudzi wachilendo amene wauzidwa mayina a anthu 63 koma osauzidwa kuti uyu ndi mbale wa yani.

Mendeleev asanabwere, alipo amene anayesapo?

Alipo ndithu, ndipo si bwino kuwaiwala. Antoine Lavoisier wa ku France analemba mndandanda wa zinthu 33 mu 1789. Zambiri analondola, ngakhale anaikamonso kuwala ndi kutentha, kuphatikizapo laimu amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi kashiamu wogwirana ndi okosijeni. John Dalton wa ku England, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anabweretsa ganizo loti elementi iliyonse ili ndi maatomu akeake, tizidutswa tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, okhala ndi kulemera kwawokwawo. Apa m'pamene panapezeka nambala yoti n'kusanjira.

Johann Döbereiner wa ku Jena anaona mu 1829 kuti maelementi ena amayenda atatuatatu. Lithium, sodiyamu ndi potaziyamu onse ndi zitsulo zofewa zolusa zikakhudza madzi. Tikatenga kulemera kwa atomu ya haidirojeni kukhala 1, atomu ya lithium imalemera 7, ya potaziyamu 39. Mukaphatikiza n'kugawa pawiri mupeza 23, ndipo 23 ndiko kulemera kwa sodiyamu. Chlorine, bromine ndi ayodini anachitanso chimodzimodzi. Koma magulu otere anali ochepa, ndipo ambiri anaganiza kuti zangochitika mwangozi.

Mu 1862 katswiri wa miyala wa ku France, Alexandre-Émile Béguyer de Chancourtois, analemba maelementi mozungulira chinthu chooneka ngati mgolo, n'kuona kuti ofanana khalidwe akugwera mzere umodzi wotsika. Tsoka lake, osindikiza anasiya chithunzicho, ndipo popanda chithunzi palibe amene anamva zimene ankanena.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi John Newlands wa ku London. Mu 1865 iye ananena kuti mukandanda maelementi kuyambira opepuka, yachisanu ndi chitatu imafanana ndi yoyamba. Oimba kwaya amazidziwa izi: do, re, mi, fa, so, la, ti, kenako do wabweranso. Atafotokoza zimenezi ku Chemical Society mu 1866, membala wina anamufunsa monyoza ngati anayesaponso kuwasanja motsata alifabeti, ndipo bungwelo linakana kusindikiza pepala lake. Lamulo lake linkagwiradi bwino mpaka pa kashiamu basi, kupitirira apo linkasokonekera. Koma diso lake linaona zenizeni. Royal Society, bungwe lalikulu la asayansi ku Britain, inadzamupatsa mendulo ya Davy mu 1887, patapita zaka zoposa 20.

Chinkawalepheretsa n'chiyani, poti dongosololo linalipo kale m'chilengedwe?

Manambala awo anali osokonekera. Ena ankati okosijeni amalemera 8, ena 16. Ena ankalemba madzi kuti HO, ena H2O. Simungasanje ana pamzere motsata msinkhu ngati aliyense wabwera ndi muyeso wake.

N'chifukwa chake akatswiri pafupifupi 140 anasonkhana ku Karlsruhe, ku Germany, mu September 1860. Msonkhanowo unatha osamvana kwenikweni, koma Stanislao Cannizzaro wa ku Italy anafotokoza njira yodalirika yopezera kulemera kwa atomu, potengera ganizo limene Amedeo Avogadro anapereka mu 1811, ndipo kabuku kake kanagawidwa anthu akubalalika. Pakati pa omvera panali anyamata awiri, Lothar Meyer wa ku Germany ndi Dmitri Mendeleev wa zaka 26. Onse awiri anabwerera kwawo ndi manambala olongosoka, ndipo onse awiri anadzapanga matchati.

Mendeleev ameneyu anali ndani?

Anabadwa mu February 1834 ku Tobolsk, m'chigawo chozizira cha Siberia, ndipo anali chitsiriza m'banja la ana oposa 10. Bambo ake, a Ivan, anali mkulu wa sukulu, koma anachita khungu n'kusiya ntchito. Mayi ake, a Maria, ndi amene anasenza banja poyendetsa fakitale yopanga magalasi ya kuchimuna kwawo. Bambowo anamwalira mu 1847, ndipo posakhalitsa fakitale ija inapsa.

Mayi wina akanangoti basi, mwana apeze kantchito. A Maria anatenga mwana wawo n'kuyenda naye ulendo wa makilomita oposa 2,000 kupita ku Moscow kuti akalowe yunivesite. Anamukana, chifukwa malamulo a nthawiyo sankalola wochokera kuchigawo chake kuphunzira kumeneko. Anapitirira mpaka ku St Petersburg, kumene mu 1850 analandiridwa pa koleji yophunzitsa aphunzitsi, yomwe bambo ake anaphunziraponso. Chaka chomwecho mayiwo anamwalira. Sanaone chilichonse cha zimene mwana wawo anadzachita. Atakula n'kutchuka, Mendeleev anapereka limodzi la mabuku ake kuti likhale chikumbutso cha mayi akewo. Nthawi zonse ndikamaphunzitsa za tchatichi ndimafuna dzina la mayi ameneyu limveke, chifukwa popanda ulendo uja sitikanamva za mwanayo.

Ali pakoleji anadwala chifuwa kwambiri moti madokotala ankaganiza kuti ndi TB, ndipo mu 1855 anapita kukaphunzitsa ku Crimea kumene kumafunda. Anachira, anakachita kafukufuku ku Heidelberg kuyambira 1859 mpaka 1861, ndipo mu 1867 anakhala pulofesa wa kemisitiri pa yunivesite ya St Petersburg.

Nanga tchaticho anachipanga bwanji?

Chinabadwira m'ntchito ya uphunzitsi. Ophunzira ake analibe buku labwino la m'Chirasha, choncho anayamba kulemba lake. Atamaliza gawo loyamba anapeza kuti wafotokoza maelementi ochepa chabe, oposa 50 adakali panja. Funso lake linali la mphunzitsi aliyense wokonza phunziro: ndikamaliza gulu ili, lotsatira likhale liti, ndipo chifukwa chiyani?

Anayamba kuika magulu odziwika kale moyandikana, wa chlorine ndi abale ake apa, wa sodiyamu ndi abale ake apo, n'kumayerekeza kulemera kwawo. Anaona kuti mukatsata kulemera kuyambira wopepuka, makhalidwe amasintha pang'onopang'ono kenako n'kubwereranso poyambira, monga nyengo zimachitira: dzinja, masika, chisanu, chilimwe, dzinja lafikanso. Pepala loyamba lili ndi deti la 17 February 1869 pa kalendala yakale ya ku Russia, lomwe ndi 1 March pa kalendala yathu. Analisindikiza m'Chirasha ndi m'Chifalansa n'kutumiza kwa akatswiri anzake. Pa msonkhano wa bungwe la akatswiri a kemisitiri la ku Russia m'mwezi wa March, amene anawerenga pepalalo anali mnzake Nikolai Menshutkin, poti mwini wake anali kumidzi kukayendera malo opangira tchizi. Tchati cha 1869 chinali ndi mabanja m'mizere yopingasa. Cha 1871 ndi chimene chinawaimika kuti abale azitsika pansi pa anzawo, monga tikuonera lero.

N'zoona kuti anachiona m'maloto?

Nkhani ya malotoyo inachokera kwa mnzake, katswiri wa miyala Alexander Inostrantsev, amene anaifotokoza patapita zaka zambiri. Mapepala amene Mendeleev analembapo tsikulo alipo mpaka pano, odzaza ndi manambala ofufutidwa ndi kulembedwanso, ena anawalemba kuseri kwa kalata imene anali atangolandira. Amenewo ndi mapepala a munthu wogwira ntchito ali maso, amene anali atakhala ndi maelementiwo m'mutu kwa zaka zambiri.

Za mipata ija, zinatha bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Posanja, Mendeleev ankafika pamalo pomwe elementi yotsatira pa kulemera sinkafanana ndi banja limene yagweramo. Pambuyo pa zinc pankabwera arsenic. Koma arsenic ndi m'bale wa phosphorus, sagwirizana ndi aluminiyamu kapena silicon. Mendeleev sanaikakamize. Anaikankhira kwa abale ake n'kusiya mabokosi awiri opanda kanthu, n'kunena poyera kuti muli maelementi amene munthu sanawapezebe.

Kusiya mpata ena anachitaponso. Chimene iye anawonjezera ndi kufotokoza mwini malo asanaoneke. Mu 1871 analemba mwatsatanetsatane za maelementi atatu amene anawatcha eka-aluminium, eka-boron ndi eka-silicon. Eka ndi mawu a chinenero chakale cha ku India, Sanskrit, otanthauza chimodzi, kusonyeza bokosi limodzi kunsi kwa elementi yodziwika. Anachita monga mmene mungachitire mutaona abale a munthu, wamkulu wake ndi mng'ono wake, n'kunena msinkhu ndi maonekedwe a wapakatiyo musanakumane naye.

Woyamba anatulukira mu 1875. Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran wa ku France anapeza chitsulo chatsopano m'miyala ya zinc ya kumapiri a Pyrenees n'kuchitcha gallium. Mendeleev anali atanena kuti atomu yake idzalemera pafupifupi 68, ndipo ndi 69.7. Anati chidzasungunuka msanga, ndipo gallium amasungunuka pa madigiri osakwana 30, moti amasanduka madzi m'chikhatho. Koma Lecoq anayeza kuti kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 4.7. Mendeleev, amene anali asanachionepo chitsulocho ndi maso, analemba kuti muyesowo walakwika, uyenera kukhala pafupi ndi 5.9, ndipo mwina chitsulocho chili ndi zosakanikirana. Lecoq anachiyeretsa bwino n'kuyezanso. Anapeza 5.9. Taganizani, munthu ali ku St Petersburg akukonza muyeso wa amene wagwira chinthucho m'manja ku France, ndipo wolondola n'kukhala wakutaliyo.

Mu 1879 Lars Fredrik Nilson wa ku Uppsala, ku Sweden, anapeza scandium, ndipo Per Teodor Cleve anazindikira kuti ndi eka-boron uja: pa kulemera kwa atomu Mendeleev anati 44, anapezeka 45. Mu 1886 Clemens Winkler wa ku Freiberg anapeza germanium mumwala wa siliva wotchedwa argyrodite. Kulemera kwa atomu kunaloseredwa 72, ndipo ndi 72.6. Kachidutswa kaja anati kadzalemera magalamu 5.5, ndipo ndi 5.3. Anati ikagwirana ndi chlorine idzapanga zamadzimadzi zowira madigiri asanafike 100, ndipo zimawira pa madigiri 80 ndi pang'ono. Zitafika apa, otsutsa anachepa.

Chikhulupiriro chomwecho chinamupatsa mphamvu yokonza manambala a maelementi odziwika kale. Yureniyamu ankati amalemera 120. Iye anati ndi 240, ndipo lero timati 238. Indium anamuchotsa pa 76 n'kumuika pa 113.

N'chifukwa chiyani ulemu umapita kwa iye, osati kwa Lothar Meyer?

Meyer anali ndi tchati cha maelementi 28 m'buku lake la 1864, ndipo mu 1870 anasindikiza chojambula chosonyeza bwino lomwe mmene kukula kwa maatomu kumakwerera ndi kutsika mobwerezabwereza. Awiriwa anakanganapo m'magazini za sayansi pa funso la amene anayamba, ndipo Royal Society inawapatsa onse mendulo ya Davy mu 1882. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili analisenza ambiri. Koma kwa ine kusiyana kwake n'koonekeratu. Meyer anafotokoza zimene zinalipo. Mendeleev anaika dzina lake pachiswe polemba manambala a zinthu zosaoneka, podziwa kuti zikapanda kutero dziko lonse limuseka.

Kodi sanalakwitsepo?

Analakwitsa, ndipo kangapo. Maelementi ena amene analosera sanapezeke. Ankakhulupirira kuti mlengalenga monse muli mpweya wopepuka kuposa haidirojeni wotchedwa ether, ndipo mu 1902 anaupezera malo pa tchati. Kulibe chinthu chotero. Lord Rayleigh ndi William Ramsay atapeza argon mu 1894, mpweya wosagwirana ndi chinthu chilichonse, Mendeleev analibe pouika, ndipo poyamba anaganiza kuti ndi nayitirojeni wa maatomu atatu. Koma helium, neon, krypton ndi xenon atapezekanso pofika 1898, zinaoneka kuti ndi banja lathunthu, ndipo linalowa m'mphepete mwa tchati popanda kugwedeza ena. Ankakayikiranso zoti atomu ya elementi ina ingasweke n'kusanduka ina, zomwe lero ndi zodziwika.

Pali malo enanso pomwe analondola pa chifukwa cholakwika. Tellurium amalemera 127.6, ayodini 126.9, choncho potsata kulemera ayodini amayenera kutsogola. Mendeleev anawasinthanitsa kuti ayodini akhale ndi abale ake chlorine ndi bromine, n'kumaumirira kuti oyeza tellurium alakwitsa. Sanalakwitse. Malo anali olondola, manambala analinso olondola, ndipo chifukwa chake chinadziwika iye atamwalira.

Chifukwa chakecho n'chiyani?

Mu 1913 mnyamata wa ku England, Henry Moseley, amene anaphunzira ntchito kwa Ernest Rutherford ku Manchester, anayeza ma X-ray otuluka m'zitsulo zosiyanasiyana. Anapeza kuti elementi iliyonse ili ndi nambala yathunthu yokwera imodziimodzi, imene lero timadziwa kuti ndi chiwerengero cha mapulotoni, tinthu tating'ono tokhala pakatikati pa atomu. Tellurium ali ndi 52, ayodini 53. Choncho chimene chimasanja maelementi ndi nambala imeneyi, ndipo kulemera kumangoitsatira pafupipafupi. Ndi njira yake zinatheka kuwerenga mipata yotsala: 43, 61, 72 ndi 75. Hafnium, 72, anapezeka mu 1923; rhenium, 75, mu 1925; technetium, 43, amene Mendeleev anamutcha eka-manganese, anachita kupangidwa mu 1937; promethium, 61, mu 1945. Moseley sanaone ndi imodzi yomwe. Anaphedwa pa nkhondo ku Gallipoli mu August 1915 ali ndi zaka 27.

Kubwerezabwereza kwa makhalidwe kunadzamveka pophunzira mmene maelekitironi, tinthu topepuka tokhala chakunja kwa atomu, amakhalira mozungulira pakati pake. Sodiyamu ndi potaziyamu onse ali ndi elekitironi imodzi kunja, yomwe amaitaya mosavuta. Chlorine ali ndi 7 ndipo amasowa imodzi. N'chifukwa chake sodiyamu ndi chlorine akakumana amagwirana kolimba n'kukhala mchere. Mendeleev anajambula zonsezi asanadziwe kuti kuli elekitironi, poti inapezeka mu 1897.

Analandira mphoto ya Nobel?

Ayi. Mu 1906 komiti ya kemisitiri inasankha dzina lake, koma akuluakulu a Royal Swedish Academy of Sciences anatembenuza chisankhocho, mphoto n'kupita kwa Henri Moissan wa ku France. Ena ankati ntchitoyo ndi yakale kwambiri. Mendeleev anamwalira mu February 1907, ndipo pa maliro ake ophunzira ananyamula tchati chachikulu cha maelementi pamdipiti.

Kupatula tchati, anachitanso zotani?

Zambiri. Anafufuza za mafuta a pansi pa nthaka ku Baku, ndipo mu 1876 anapita ku Pennsylvania kukaona mmene Amereka amachitira. Anachita kafukufuku wa feteleza ndi ulimi. Mu 1887 anakwera yekha baluni ku Klin kuti akaone kadamsana pamwamba pa mitambo. Mu 1890 anasiya ntchito pa yunivesite nduna ya zamaphunziro itakana kulandira kalata ya madandaulo a ophunzira imene iye anaitengera. Kuyambira 1893 anatsogolera ofesi yoona za miyeso ndi masikelo m'dziko la Russia.

Lero maelementi alipo angati?

Alipo 118, ndipo mizere 7 yonse ndi yodzaza. Pafupifupi 90 amapezeka m'chilengedwe. Otsalawo amapangidwa pogundanitsa maatomu m'makina akuluakulu, ndipo olemera kwambiriwo sakhalitsa, ena satha ndi sekondi yomwe. Glenn Seaborg ndi amene m'ma 1940 anakonza mzere wam'munsi wa yureniyamu ndi anzake. Mu 1955 gulu lake ku Berkeley linapanga elementi ya nambala 101, maatomu owerengeka chabe, n'kuitcha mendelevium, pa nthawi imene Amereka ndi Soviet Union sankaonana ndi diso labwino. Mayina anayi omaliza, nihonium, moscovium, tennessine ndi oganesson, anavomerezedwa mu 2016, ndipo bungwe la United Nations linasankha 2019 kukhala chaka chokumbukira tchatichi, patatha zaka 150.

Kodi zimenezi zili ndi gawo pa moyo wathu kuno?

Yang'anani thumba la feteleza wokulitsa. N ndi nayitirojeni, P ndi phosphorus, K ndi potaziyamu kuchokera ku dzina lake la Chilatini lakuti kalium, S ndi sulufule, Zn ndi zinc. Ayodini amene anavutitsa Mendeleev uja ndi yemweyo amathiridwa mumchere kuti tipewe chithokomiro. Mkuwa wa ku Copperbelt ndi Cu, nambala 29. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga ndi uja anamuwirikizira kulemera kawiri.

Ndipo pali banja limodzi limene linamusowetsa mtendere mpaka imfa yake, lija amati rare earths, maelementi a nambala 57 mpaka 71 amene amalembedwa pamzere wapadera kunsi kwa tchati. Amafanana kwambiri moti kuwalekanitsa ndi ntchito yowawa, ndipo dongosolo lake linkawapatsa malo ochepa kuposa chiwerengero chawo. Ndi amenewa amene ali m'miyala ya ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe. Pa tchati cha Mendeleev panali elementi yolembedwa Di, didymium. Mu 1885 Carl Auer von Welsbach wa ku Vienna anasonyeza kuti sinali imodzi koma ziwiri zobisalirana, n'kuzitcha praseodymium ndi neodymium. Ziwirizi ndi zimene makampani a migodi amafuna kwambiri m'mapiri amenewa, chifukwa zimapanga maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo.